Mlalang'amba Uli M'njira

Ku dziko la Tidzaona, kumene ine wokamba nkhaniyi mchombo wanga udagwera, tili ndi zinthu ziwiri zimene sitichita nazo masewera: kuchingamira alendo ndi kudikira. Zina zonsezi timangoyesako. Misewu timayesako, milatho timayesako, koma pa nkhani yoima m'mbali mwa msewu dzuwa likutiswa liwombo, kudikira munthu wolemekezeka, palibe mtundu pansi pano umene ungatipose. Akatiuza kuti mlendo afika m'mawa timadziwa kuti ndi madzulo, ndipo akati "ali m'njira" timadziwa kuti akusamba.

M'masiku a Mfumu Sindilakwa Wachinayi, kulikulu lathu la Mawamawa kudali bambo wina dzina lake Lufeyo Kamtambo, Mlangizi wa Mfumu pa za Kuthambo. Udindowu udabwera mwangozi. Alendo ena akunja adatipatsa telesikopu, chipangizo choonera nyenyezi, ndipo mfumu idadula riboni, amayi adavina, kenako chipangizocho chidabwezedwa m'bokosi n'kukhomedwa popeza ndi katundu wa boma. Kiyi adapita naye mkulu wina ku msonkhano, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zidatha msonkhanowo usanathe. Choncho Kamtambo ankaphunzira za kumwamba pa foni yake yong'aluka galasi, atakwera pa chulu cha kuseri kwa ofesi pomwe netiweki inkagwirako.

Tisamunyoze kwambiri. Munthuyu nyenyezi ankazikondadi ndi mtima wonse, ndipo akawerenga zimene akatswiri akunja atulukira, tsitsi linkamuima ndi chimwemwe. Koma ankakondanso nyumba ya malata imene idabwera ndi udindowo, momwe ankakhala ndi mkazi wake Nachanza ndi ana awo awiri, Sigele ndi mng'ono wake. Pakati pa nyenyezi ndi malata, sadayambe wadzifunsa chimene ankakonda kuposa chinzake, chifukwa palibe adamufunsapo kuti asankhe.

Kamodzi pa chaka, mvula ili pafupi, Kamtambo ankaitanidwa ku bwalo kukafotokoza za kumwamba. Zaka zonse ankangoti kumwamba kuli bwino, nyenyezi zili m'malo mwake ndipo zikuyamikira utsogoleri wa mfumu, basi n'kukhala pansi. Koma chaka chimenecho adali atawerenga zambiri, ndipo zidamutupa m'mimba ngati nyemba.

"Mwinidziko, Tate wa fuko," anayamba atagwada, "anzathu akunja adaponya matelesikopu atsopano kumwamba kwenikweni, ndipo zimene akuona n'zododometsa. Nyenyezi zonse timazionazi ndi za mudzi umodzi wokha, umene timautcha mlalang'amba. Dzuwa lathu ndi nyumba imodzi chabe m'mudzimo, ndiponso siili pakati ayi, ili cha kumbali."

"Kumbali?" inafunsa mfumu, ikukweza nsidze.

"Kumbali kwabwino, Mwinidziko, kopita kamphepo."

Mfumu inagwedeza mutu, ndipo nduna zonse zinagwedeza yawo.

"Tsono midzi yotereyi, milalang'amba, ilipo mabiliyoni osawerengeka. Ina ili kutali moti kuwala kwake kumene kukutifika lero kudanyamuka chilengedwe chikadali khanda. Tikaiyang'ana timaona mmene idalili kalekale, osati mmene ilili panopa."

"Ngati wailesi yathu ija," inanong'ona nduna ina kumbuyo, koma inatsokomola msanga kuti mawuwo asamveke.

Apa Kamtambo akadakhala pansi, bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma lilime likatentha silimva mwini wake.

"Chodabwitsa kwambiri, Mwinidziko, n'chakuti chilengedwe chikufutukuka. Milalang'amba ikutalikirana usana ndi usiku. Munthu ukaima kuno n'kuyang'ana, umaona kuti yonse ikutithawa, ndipo yakutali ndiyo ikuthawa ndi liwiro loposa."

Mfumu inaika pansi litchowa lake pang'onopang'ono.

"Ikutithawa," inatero. "Wakaiuza ndani za ife?"

Nduna zinayang'anana, ndipo iliyonse inayang'ana pansi, pakuti iliyonse inali ndi kanthu kake kamene sikadafuna kuti kamveke kumwamba.

"Adayamba kutithawa madokotala," inapitiriza mfumu, mawu akukwera. "Kenako aphunzitsi. Anyamata athu onse ali kunja, akusesa m'mabwalo a eni. Lero ukundiuza, pamaso pa anthu anga, kuti ndi nyenyezi zomwe zanyamula katundu? Mu ulamuliro wanga?"

Kamtambo anaona maso a mfumu akufiira, ndipo m'maso ake omwe anaona malata a nyumba yake akuuluka limodzi limodzi. Kwathu munthu wokhumudwitsa mfumu amatumizidwa ku Iwalani, dera la kumalire kumene ngakhale kalata ya maliro sifika. Mwamantha anakumbukira kanthu kamodzi koona kamene kakadamupulumutsa.

"Koma umodzi ukubwera, Mwinidziko!" anafuula. "Si yonse ikuthawa. Ulipo mlalang'amba umodzi waukulu, wotchedwa Andiromeda, umene ukubwera kuno. Liwiro lake ngakhale galimoto za nduna sizingafikepo."

Nkhope ya mfumu inasungunuka ngati mafuta pa chiwaya.

"Ukubwera kuno? Uli m'njira?"

"Uli m'njira, Mwinidziko, kungoti..."

Sanamalize. A Gwedeza, Nduna ya Zochingamira Alendo, munthu wa mimba yotsogola amene anali atatha miyezi isanu ndi itatu popanda mlendo womuchingamira, anali ataimirira kale.

"Mwamva, abale! Ena onse akuthawa chifukwa cha nsanje, koma wamkulu weniweni wamva mbiri ya Mwinidziko ndipo akubwera yekha kudzaona!"

"Achingamiridwe monga mwa mwambo," inalamula mfumu.

Nduna zinawomba m'manja katatu. Tsono ku Tidzaona mawu a mfumu akawomberedwa m'manja katatu sabwezedwanso, ngakhale mfumuyo itafuna. Palibe adafunsa tsiku lofika, chifukwa kwathu kufunsa kuti wolemekezeka afika liti ndi mwano. Kamtambo anatsala ndi "kungoti" wake m'kamwa, ndipo anamumeza.

Mwambo wathu wochingamira mlendo wa mfumu uli ndi mfundo ziwiri. Yoyamba, mlendo akalengezedwa, khasu silikhudza nthaka ya m'munda kufikira atafika, chifukwa n'zamanyazi kuti wolemekezeka atipeze ndi matope kumapazi. Makasu onse amapita kukalambula msewu, ndipo eni ake amaima m'mbali kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Yachiwiri, amene walengeza mlendo ndiye amaima patsogolo pa onse, atanyamula tambala woyera wa mphatso. Mwambowu sudatipwetekepo kwenikweni, popeza alendo athu amachedwa tsiku limodzi kapena awiri basi.

M'mawa mwake mvula yobzalira inagwa.

Inagwa bwino mvula imeneyo, yopanda mphepo, yolowa pansi. Fungo la dothi linadzaza dziko lonse, ngumbi zinauluka, ndipo anthu a ku Tidzaona, m'malo mothamangira kumunda ndi mbewu, anandanda m'mbali mwa msewu waukulu atavala nsalu zatsopano za nkhope ya mfumu yozunguliridwa ndi nyenyezi. Msika wa Tsitsaniko unasamukira pomwepo, tomato ndi usipa n'kumagulitsidwa pa mzere. Miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu, mvula inatsuka, inapakidwanso, mvula inatsukanso.

Anthu ankacheza monga timachezera tikamadikira.

"Akuti mlendoyu ndi mudzi wathunthu," anatero mayi wina wogulitsa zitumbuwa. "Adzagona kuti?"

"Kusukulu, monga mwa nthawi zonse. Ana adzapuma."

"Nanga adzawoloka bwanji mtsinje wa Lonjezo, poti mlatho kulibe?"

Funso limeneli linafika kwa a Gwedeza, ndipo tsiku lachitatu iwo anapita kumtsinjeko ndi gulu la oimba n'kukaika mwala wa maziko a mlatho. Unali mwala wachinayi pamalopo. Anthu okhala kumeneko anathokoza kwambiri, akuti miyalayo ikafika khumi adzatha kuwoloka podumphadumpha.

Kamtambo ankaima patsogolo, tambala ali m'khwapa, ndipo aliyense wodutsa ankamupatsa ulemu umene sadaulandirepo chibadwire. "A Kamtambo, mwatiitanira mlendo wamkulu!" Iye ankamwetulira ndi mano okha. Kuseri kwa mzere wa anthu ankaona minda yakuda bii ndi chinyontho, mizere yokonzedwa kale ikudikira mbewu, ndipo tsiku lililonse udzu unkaonjezera kubiriwira pamwamba pake.

Tsiku lachisanu, atabwerera kunyumba madzulo, Nachanza anamudikira kuti atsekere tambala m'khola, kenako anamuyalira mkeka pakhonde. Pambali pake panali dengu la mbewu ya chimanga imene adasankha yekha m'nkhokwe, ngala ndi ngala.

"Bambo a Sigele," anatero, "ine si nduna, ndiye ndifunsa. Mlendo wanuyu afika liti?"

Kamtambo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Zaka mabiliyoni anayi. Mwina asanu."

"Biliyoni ndiye zingati?"

"Mutati muziwerenga njere za m'denguzi imodzi imodzi, usana ndi usiku, osadya osagona, biliyoni imodzi mungaikwanitse patatha zaka makumi atatu ndi kanthu."

Nachanza anayang'ana dengulo.

"Ndiye anayi," anatero.

"Mwina asanu. Komanso akatswiri ena anena posachedwapa kuti mwina sudzaima n'komwe. Ukhoza kungodutsa chapatali."

"Kungodutsa osaima? Ndiye ndi wolemekezekadi."

Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunathera panjira.

"Mwamuna wanga, mvula sidikira mlendo. Masiku asanu apita. Akapita ena khumi, amene adzabzale adzabzalira mbalame. Si munda wanga wokha, ndi dziko lonse laima pamsewu ndi mapazi osamba. Inu mukudziwa, ndipo ndinu nokha mukudziwa."

"Adawomba m'manja katatu, Nachanza. Ndikayankhula ndiye kuti ndanena kuti mfumu yalakwa. Atitumiza ku Iwalani. Nyumba ino atilanda."

"Febuluwale akafika tidzakazinga malatawa?" anafunsa mkaziyo. "Mbewa ya manyazi idafera kuuna, bambo a Sigele. Koma iyo idafa yokha, sidatenge mudzi wonse."

Mawuwo anamulasa Kamtambo, ndipo anachita manyazi kwambiri pamaso pa mkazi wake. Komabe, poti anali munthu wa ku Tidzaona, anayamba wayesa njira yakuseri. M'mawa anawakokera pambali a Gwedeza.

"Bwana, pali kanthu kena pa za tsiku lofika mlendoyu."

A Gwedeza anatseka makutu ndi zala zonse ziwiri.

"Usandiuze, mphwanga. Chimene sindidamve sichingandichotse ntchito. Taona mmene unduna wanga ukuyendera, oimba akuimba, opaka akupaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gwira tambala wako bwino, akuoneka wofooka."

Masiku anapitirira, lachisanu ndi chimodzi, lachisanu ndi chiwiri. Nyimbo zinayamba kuzilala. Anthu ankaimba nkhope zili kumsewu koma maso ali kuminda, ndipo palibe ankadandaula mokweza, chifukwa ife kudandaula timadandaulira m'mimba. Nachanza sanayankhulenso za nkhaniyo. Ankangoika dengu la mbewu pakhomo m'mawa uliwonse, pamalo poti mwamuna wake alidumphe potuluka.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mfumu inabwera yokha kudzayendera mzere. Galimoto zinaima, ambulera anatambasulidwa, ndipo Sindilakwa Wachinayi anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo kumene kunali Kamtambo, jekete lake litadetsedwa ndi tambala mbali yonse ya kumanzere.

"Mlangizi wanga," inatero mfumu mokondwa, kuti onse amve, "wafika pati mlendo wathu?"

Yankho linalipo lokonzeka, lomwe tonse timalidziwa kuyambira tili ana: ali pafupi, Mwinidziko, afika posachedwa. Kamtambo anatsegula pakamwa kuti alinene. Koma pogwada maso ake anagwera pa mapazi a anthu, mzere wonse kufikira kumene maso amalekeza. Mapazi a alimi, mwezi wa Novembala, mvula itagwa, onse oyera mbee ngati a akwati. Iye adakulira kumudzi, ndipo ankadziwa kuti mapazi oyera a Novembala ndi maliro a Febuluwale. Chinthucho chinamuopsa kuposa Iwalani.

"Mwinidziko," anatero, "mlendo ali m'njira ndithu, sindidaname. Koma afika patatha zaka mabiliyoni anayi, mwina asanu. Ife tonse kudzakhala kulibe, ngakhale mapiri awa. Komanso mwina adzangodutsa. Ndidadziwa kuyambira tsiku loyamba, koma ndidaopa."

Ng'oma inaleka.

Kenako kumbuyo kwa mzere kunamveka mawu a nkhalamba ina, osakweza, ngati ikudziyankhulira.

"Ndiye afikira limodzi ndi mlatho."

Anthu anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Mfumu sinaseke.

"Kamtambo," inatero, "ukunena kuti ine, Sindilakwa, ndaimika dziko langa pamsewu pachabe?"

"Wolakwa ndine, Mwinidziko. Chitani nane chimene mufuna, koma anthuwa apite akabzale."

"Adawomba m'manja katatu!" inakalipa mfumu, ndipo m'mawu akewo munamveka kuti nayonso yasowa polowera. Inayang'ana a Gwedeza, a Gwedeza anayang'ana kumwamba, mwina kufuna kuona ngati mlendoyo angatulukire n'kuwapulumutsa.

Pamenepo Nachanza anatuluka mu mzere, anakonza chitenje, n'kugwada m'matope patali pang'ono.

"Pepani Mwinidziko, Tate wathu, ndine mayi wosaphunzira, ndili ndi kafunso. Mlendo wanuyu akubwera ndi anthu angati?"

Mfumu inayang'ana Kamtambo.

"Nyenyezi zake zikhoza kukwana mabiliyoni chikwi, Mwinidziko," anayankha iye, osadziwa kumene mkazi wake akulowera.

"Mayo ine," anatero Nachanza, akuwomba m'manja mwaulemu. "Nanga khamu lonselo lidzadya chiyani? Ife kwathu mlendo wa munthu wamba timamuphera nkhuku. Uyu ndi mlendo wa mfumu. Akadzapeza nkhokwe zili pululu, adzakatinenera kumwamba konse kuti kwa Sindilakwa adagona ndi njala. Kaya, mwina enawo akuthawa chifukwa adamva kale zoterezi. Ine ndimati, poti ulendo wake ndi wautali, bwenzi titayambiratu kumukonzera chakudya."

Anthu anaona nkhope ya mfumu ikusintha pang'onopang'ono monga munthu amene wapeza khomo m'nyumba yoyaka. Inatembenuka n'kukweza litchowa.

"Anthu anga! Mlendo sadaimitsidwe, ndipo mawu anga sadabwezedwe. Koma ine, poona patali monga mwa chizolowezi changa, ndalamula kuti kuchingamira kulowe gawo lachiwiri. Kuyambira lero aliyense apite kumunda akalime chakudya cha mlendo, chaka chino ndi zaka zonse mpaka atafika. Wopezeka ndi mapazi oyera ndi mdani wa mlendo!"

"Mbiri yalembedwa!" anafuula a Gwedeza, misozi ili m'maso. "Chiyambire dziko lino, aka n'koyamba kukonzekera chinthu nthawi isanakwane!"

Manja anawombedwa katatu, ndipo sadawombedwepo mwamphamvu chotero m'dziko la Tidzaona.

"Koma mwambo ndi mwambo," inaonjeza mfumu, ikuyang'ana Kamtambo ndi diso lozizira. "Wolengeza mlendo sachoka pamsewu. Uyu aima pompano ndi tambala wake, m'mawa mpaka madzulo, kufikira mlendo atafika. Ndipo poti ntchito yake tsopano ndi ya panja, nyumba ya boma ija saifunanso."

Anawombanso katatu, ngakhale apa manja ena anawomba mofooka.

Galimoto za mfumu zisanakhote n'komwe, msewu unali utayera. Anthu anathamanga ndi makasu awo, nsalu za nyenyezi zikukwekwereka m'matope, amayi akuitana ana kuti abweretse mbewu. Kamtambo anatsala yekha pakati pa miyala ya laimu, mvula ikuyamba kuwaza. Malata anali atapita. Anadikira kuti mtima umupweteke monga ankaganizira masiku onse aja, koma anadabwa kupeza kuti m'chifuwa mwake mwapepuka, ndipo anali wokondwa.

Patapita kanthawi Nachanza anadutsa, dengu pamutu, khasu paphewa, matope atafika kale m'akakolo. Anaima, natapa njere zodzaza dzanja n'kuthira m'thumba la jekete la mwamuna wake.

"Za tambalayo," anatero. "Tikagona kwa amayi, kuli kanyumba kaudzu kaja. Sikadontha kwambiri."

"Nachanza, ndakutayitsani nyumba."

"Mwandibwezera munda." Anakonza dengu pamutu n'kuyamba kuyenda, kenako anacheuka. "Mlendoyo akafika, bambo a Sigele, mumuuze kuti tili kumunda."

Chaka chimenecho tidakolola, mochedwerako koma tidakolola. Chimangacho ndi cha mlendo, ndipo timachidya chaka ndi chaka pongofuna kuti chingafumbwe asanafike. Mlatho wa pa Lonjezo uli pa mwala wachisanu ndi chimodzi. Telesikopu ikadali m'bokosi.

Kamtambo mukamupeza pomwepo mukadzabwera ku Mawamawa, imvi zili mbuu, atanyamula tambala amene ndi mdzukulu wa woyamba uja. Ife tikamadutsa popita kumunda timamufunsa, "Wafika pati, a Kamtambo?" Iye amayang'ana kumpoto, n'kuyankha kuti, "Wasenderako kuposa dzulo." Timaseka, koma timavula zipewa podutsa, chifukwa m'boma lonse la Tidzaona ndi iye yekha amene akati "ali m'njira" amakhala akunena zoona.